Mmene ndinaphunzitsira Tadala kulemba ndi khasu

Inu amene mumati nkhalamba ino imangodziwa bawo, sendezani benchilo kuno, ndipo wokayika akwere kabaza akafunse Manjawira yense, andipeza pompano.

Mdzukulu wanga Tadala, wa Sitandade 2, anabwera tsiku lina akulira, kope lili m'manja. Aphunzitsi anali atamuuza kuti akapanda kusintha kalembedwe abwereza kalasi, anzake onse apite. Nditasuzumira m'kopemo ndinamva chisoni, kenako ndinapsa mtima. Mawu onse anali othithikana ngati anthu m'minibasi ya ku Boma, mizere ina ikukwera phiri, ina ikugwera kuphompho.

"Agogo, ine sukulu ndasiya," anatero.

Ndinati, "Iwe, pukuta misozi, tenga khasu. Pensulo tiigwira bwino lino."

Tinapita kumunda wanga wa kachewere, ndipo ndinamuuza kuti munthu sabzala mbewu pamwamba pa inzake: mawu, mpata, mawu, mpata. Ndiye ndinalavulira m'manja n'kuyamba kumulembera chiganizo pansi, ndipo lembo loyamba, poti limayenera kukhala lalikulu, ndinalikoka kuchokera m'munda mwanga mpaka kuseri kwa Sharpevale, fumbi lake linaphimba dzuwa mpaka nkhuku zinalowa m'khola masanasana, ndipo lembo la o limene ndinazunguliza linadzaza madzi a mvula n'kusanduka damu, anthu akuwedzamo mpaka lero. Mukumva? Mpata wa pakati pa mawu ndinkayeza ndi ngolo ya ng'ombe, ikadutsa osakhudza lembo ndiye kuti zili bwino, ndipo pofika kumapeto nditasowa choika ngati mpumiro ndinangozula chimwala cha paphiri, chija anyani ankaotherapo dzuwa, n'kuchisenza popanda nkhata, anyaniwo ali pomwepo, n'kuchitula pansi kuti thi, mpaka kumsika matimati anagubuduzika okha. Mukuseka chiyani? Woyendetsa ndege anawerenga chiganizocho ali m'mitambo, ndipo anakhota n'kubwerera kuti awerengenso chifukwa cha kukongola kwa zilembo.

Kenako khasu ndinam'patsa mwanayo. Tsiku lililonse akaweruka ankalemba mawu pansi, n'kuponda phazi, n'kulemba ena. Titabzala m'mizere imeneyo, kachewere anabereka zilembo zokhazokha, ndipo aliyense amene anadya tchipisi chake pamsewu ananyamuka akudziwa poika mpatuliro, ngakhale galu wa a Nangondo, oyandikana nafe, atangonyambita makoko ake anayamba kukanda pansi mowongoka, akusiya mipata. Ndikanama ndife.

Tsiku la mayeso mtima wanga unali m'mwamba, chifukwa mwana uja ndimamukonda zedi. Koma Tadala anangoika chala pakati pa mawu monga ankaikira phazi kumunda, ndipo aphunzitsi anachonga, anachonga, mpaka cholembera chofiira chinatha, iwo n'kukabwereka china m'kalasi ina. Pano ali Sitandade 3 limodzi ndi anzake, za kusiya sukulu sazitchulanso.

Mwati chiyani, achimwene? Ndilembe dzina langa pakapepalako? Bwezani m'thumba, musandichite chipongwe. Zilembo zanga sizinakwanepo papepala chibadwire, n'chifukwa chake kulikonse ndimangodinda chala. Mukafuna kuona dzina langa, ndibwerekeni munda wanu wonse ndi wa apongozi anu, ndipo muyambe mwasamutsa mbuzi.