Tsiku Limene Ndinapempherera Owononga Dimba la Alamu

Ine sindikonda kukokomeza nkhani. Choncho ndikati tsiku limeneli ndinachita manyazi, mundikhulupirire.

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinagula timasheya m'kampani ina ya ku Limbe. Tochepa ndithu, koma tokwanira kundipatsa mpando pa msonkhano wa pachaka wa eni masheya. Kenako zinadziwika kuti fakitale yathuyo ikuthira madzi a mankhwala mumtsinje. Alamu anga, a Chikopa, amalima dimba kumunsi kwa mtsinjewo, ndipo mpiru wawo wonse unapserera.

"Alamu, si inu eni kampani?" anatero. "Kawauzeni anyamata anuwo asiye."

Ndinalonjeza. Ndinawerenga malamulo a zachilengedwe, n'kukonza funso lakuthwa. Ndinaliyeserera pa akazi anga mpaka analiloweza.

Tsikulo ndinavala suti yakuda ija ndimapita nayo kumaliro, n'kukwera minibasi ku Soche. Kuhotela m'tauni ndinakhala kutsogolo kwenikweni. Ndinali nditamva kuti wamasheya ochepa akachedwa kukweza dzanja, maiki amangomudutsa.

Tcheyamani anaimirira. "Tisanayambe, kodi alipo..."

Ine dzanja m'mwamba kale!

"...wotitsegulira ndi pemphero? Aa, zikomo abusa!"

Ine si m'busa. Koma kwathu kuno munthu angakane mlandu, angakane mimba, osati pemphero. Ndinalandira maiki n'kudziuza kuti palibe chaipa, funso langa ndilowetsa momwemu.

"Ambuye, munalenga mitsinje yoyera. Koma alipo ena, ali m'chipinda chino, amene akuithira poizoni."

"Ameni!" anafuula tcheyamani, kuposa wina aliyense.

Ndinawonjezera moto. "Mpiru wa amphawi ukupserera! Aweruzeni, Ambuye!"

"Aweruzeni!" Ameneyo anali mkulu wa fakitale, maso ali chitsinzire, dzanja pamtima.

Nditamaliza, mayi wina wa bodi anali kupukuta misozi. Tcheyamani anati abusa sangakhale pansi ndi gulu, ndipo anandikokera ku high table, pakati pa iyeyo ndi mkulu wa fakitale uja. Anandithirira madzi a m'botolo.

Itakwana nthawi ya mafunso, ndinakweza dzanja.

"Abusa, tiwapatseko mpata amene sanayankhule," anatero tcheyamani.

Maiki anapita kwa bambo wina wa ku Nyambadwe. Funso lake linali lakuti n'chifukwa chiyani chaka chino eni masheya sanapatsidwe maambulera. Anthu anawomba m'manja, ndipo nkhani ya maambulera inakambidwa mozama.

Ndinaweramira kwa tcheyamani. "Bwana, ine si m'busa. Ndipo nkhani ya mtsinje ija ndimanena inu."

Anandisisita pamkono. "Nkhani imene ija mwaipereka kale m'manja mwa Ambuye. Ife ndife yani kuti tikailande?"

Ndinakwezanso dzanja, tsopano mokwiya, ndipo ndinatsimikiza kuti sinditsitsa mpaka andipatse maiki. Inali nthawi yomweyo imene tcheyamani ankafunsa ovomereza kuti mabwana onse a bodi apitirize.

"Onse avomereza, ngakhale abusa!"

Wojambula anathwanimitsa kamera.

Pomaliza anandipempha kudalitsa chakudya. Ndinadalitsa. Ndinadyanso, ndisaname.

Madzulo ndinapeza alamu akundidikira pakhonde, foni m'manja. Kampani inali itaika kale chithunzi changa pa Facebook, dzanja lili m'mwamba, tcheyamani akumwetulira pambali panga.

"Ndaona munakhala pabwino, alamu. Za dimba langa munanena?"

"Ndinanena zonse, pamaso pawo, pa maiki."

"Munati chiyani?"

"Ndinati aweruzidwe."

Alamu anasendeza mpando, nkhope itawala. "Eya! Ndiye iwo anati bwanji?"

"Anati Ameni."

Mabwana saopa chiweruzo, bola chikhale cha tsiku lomaliza.