Nyanja Yamchere Pabalaza Panga

Lolemba

Thanki yafika! Galasi lokhalokha, yakwera lole kuchokera ku Limbe itakutidwa ndi matiresi ngati wodwala. Ili pabalaza. Amuna anga aizungulira, aigogoda ndi chala, n'kufunsa: "Ndiye TV ipite kuti?" Ipite komwe ikufuna.

Ku yunivesite ndinaphunzira za nsomba. Ntchito yake? Kulawa tiyi pa esiteti. Kulawa, kulavula, kulawa, kulavula. Zakwana. Nyumba ya kampani ino ikhala ndi nyanja yamchere, makorale ake, tizamoyo tooneka ngati miyala yamaluwa, ndi nsomba zake, phiri la Mulanje lione.

Zomwe zilipo kale:
- ndowa ya mchere wapadera wa makorale, wochokera ku Joni
- hita, poti Juni wakuno sachita chibwana
- kachipangizo koyezera mchere m'madzi
- sefa ya madzi
- batire la inveta, magetsi akathawa

Zosankha: nyali, pampu yopanga mafunde, ndi sikima yochotsa zonyansa m'madzi.

Nyali zabuluu kapena zoyera? Pa intaneti anthu akutukwanizana ngati nthawi ya kampeni. Ndasankha zabuluu, chifukwa wa zoyera uja amalemba mwamwano.

Lachiwiri

Zuze waimba, msuweni wanga woyendetsa lole ya kudoko la Nacala, amene amanditchula kuti mana, achemwali m'chiyankhulo cha ku Mozambiki. Ndinamuuza kuti tsiku lina adzandifunire tinsomba. Tsiku lina!

"Mana, ndatipeza. Tiwiri, tamizere yoyera, ndi mwala wamoyo womwe, uja wa m'nyanja wokhala ndi tizamoyo take. Loweruka ndidutsa pa Muloza."

Loweruka LINO. Thanki yatsopano imafuna milungu kuti madzi akhwime. Ndikumufotokozera za mabakiteriya, iye: "Iwe mana, tinsomba tili kale m'chigubu."

Ndiye basi. Pofika Loweruka madzi akhale amchere, ofunda, oyenda. Apo ayi, ndaitana alendo kuti adzafere pakhomo panga.

Sikima: yamkati kapena yokoleka kumbuyo? Ndilibenso nthawi ya maganizo. Ndaitanitsa yamphamvu kuposa zonse, ibwera pa minibasi.

Madzulo Mayi Namakhwa a nyumba yoyandikana nayo alowa kudzatiitanira chinkhoswe cha mwana wawo Esinati. Loweruka lomwelo, mwachidziwikire. Maso pa ndowa. "Eee, mchere wonsewu anthu awiri?" Ndawauza kuti si wodya. Aseka mwaulemu, monga amasekera munthu woumira.

Lachitatu

Ndikuweruka, ndowa yatsika. Yatsika!

Amuna anga, nkhope ya dikoni: "Mayi Namakhwa anabwera ndi kapu. Mchere amakaniza munthu?"

Samakaniza, ndikudziwa. Ndinakulira ku Milonde, osati ku mwezi. Koma kapu imodzi yabereka. Mbiri yafika kumalaini konse, kunyumba za antchito, kuti kwa amayi a ku labu kuli mchere wa ndowa. Wabwera wa kapu, wa chivindikiro cha poto, wa pepala la shuga. Wina akuti anabwera ndi jagi. JAGI!

Ndawakhazika pansi bambowa. Phunziro: kashiamu, maginiziyamu, moyo wa makorale. Amvetsera bwinobwino mpaka kumapeto. "Koma ndi mchere eti?"

Ndowa ndaitsekera mu wadirobu, kuseri kwa suti yawo.

Sefa ikudontheza madzi mu dramu. Dontho. Dontho. Ngati mkulu wampingo akuwerenga zolengeza. Dramu ikadzaza, mawa ndisungunula mchere.

Lachinayi

Chiperoni. Phiri silikuoneka, zala zaumira, dramu yadzaza. Tsiku labwino!

Ayi.

Komiti ya chinkhoswe yafika yathunthu, zitenje zofanana. "Tingobwereka, amayi."

Zobwerekedwa:
- dramu, ya thobwa. Madzi anga osefedwa dontho ndi dontho athiridwa pa mpiru
- batire, la woimbitsa nyimbo
- nyali zabuluu, zomwe zangotsika minibasi, ndisanazichotse n'komwe m'katoni. Zikakongoletse tenti
- pampu ya mafunde aisiya. Sakuidziwa ntchito. Mulungu alipo

Ndikanakana? Paukwati wathu Mayi Namakhwa anasenza nkhuni mpaka khosi kuuma. Nditagona m'chipatala, phala ankabweretsa ndi iwo. Munthu wotere sumuuza kuti dramu ndi ya nsomba zomwe sanazionepo.

Pondithokoza andiika m'komiti. Ndine wa zokongoletsa.

Zuze watumiza chithunzi cha m'chigubu. Mdima, ndi timizere tiwiri toyera. Ndachiyang'ana nthawi yaitali kuposa momwe ndimayang'anira chithunzi cha ukwati.

Lachisanu

Sikima yafika. Kondakitala akuti ankaiona ngati makina a juwisi. Ndaiimika pambali pa thanki. Ndi yaitali kuposa thanki. Anthu inu! Digiri yonseyi, osayeza ndi tepi. Yamphamvudi: ingathe kuyeretsa damu la esiteti.

Palibe kanthu. Mwala wamoyo umayeretsa madzi pawokha. Ndadzaza mabeseni ndi madzi a sefa. Chatsala ndi mchere basi.

Wadirobu: suti mulibe, ndowa mulibe.

Amuna anga: "Ndimatenga suti yokasita, amayi ophika ali pakhomo, ndowa aiona. Ndikanati chiyani?" Mukanati ndi simenti! Mukanati ndi mankhwala a makoswe! Munthu wa mpingo sanama, koma pa zinthu za mkazi wake zokha.

Ndathamangira kumafuwa. Mochedwa. Nyemba zawawa, nyama yawawa, kabichi wawawa. Amayi akuyang'anizana m'mbali. "Wathira mchere ndani?" "Dzanja limeneli si labwino." Ine ndikufuula kuti ndi maginiziyamu, palibe akutembenuka. Wotsala mu ndowa agawana kale, aliyense kachikwama kake, poti wowawa kapena ayi, mchere sataya.

Mawa ndiutolera. Khomo ndi khomo. Wokwana beseni limodzi, tinsomba tikhala moyo.

Loweruka

Ndikudzuka, amuna anayi akutuluka ndi thanki paphewa. Firiji yakukalabu yafa, zakumwa zifuna pozizira. "Ndi yagalasi, alendo aziona chomwe akutenga." Maganizo abwino, ndikuvomereza ndi mtima wowawa.

Ayisi, mabotolo, ayisi, mabotolo. Nyimbo. Nyali zanga zayatsidwa mu tenti: Esinati wabuluu, mkamwini wabuluu, mano a ankhoswe akuwala ngati a afisi. Aliyense akundiyamikira. Pakati pa gule wina waponyamo kireti yonse. Thee! Mng'alu kuchokera pakona mpaka pakona. Madzi kumapazi a akuchimuna. Woulutsa mawu: "Madalitso amenewo!"

Masana lole ya Zuze yaima pamsewu.

Tinsomba tili moyo. Tonse tiwiri! Timizere toyera, zipsepse zachikasu, tikugwedezeka pamalo amodzi ngati tikupepesa. Pamwala pali kanthu kobiriwira kakutseguka pang'onopang'ono. Mabuku onse aja sanandiuze kuti m'maso mudzalengeza misozi.

Anthu azungulira chigubu. "Tiwiri tokha?" "Timakula mpaka pati?" Amalume a mkamwini, atakhuta thobwa: "Mafuta akadali pamoto, tingotilawa."

Chigubu ndachitsekera kuchipinda. Kiyi m'kamisolo.

Kapu m'manja, ulendo wa kumalaini. Vuto: mchere wopatsa sulanditsa. Ndiye sindikulanda, ndikupempha, ngati wina aliyense. Ndipo palibe wandikaniza. Khomo lililonse kapu yodzaza, yoperekedwa ndi manja awiri. Wa mu golosale! Woyera, wosalala, wa ayodini!

"Ndimati uja wa kwathu uja..."

"Aaa, amayi, inuyo tikupatseni wowawa uja? Tilibe ulemu?"

Nanga uli kuti? Wina wathira pa linthumbu. Wina mbuzi zanyambita. Wina wawaza pabwalo kuti udzu usamere. Nyanja yanga yonse ili m'dothi la esiteti, ikupha nyerere.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndayeza madzi a m'chigubu: akadali bwino, koma si a sabata ina. Mchere watsopano kuchokera ku Joni sungafike tinsomba tisanatembenuze mimba. Wa mu golosale ungatiphe lero lomwe.

Zuze akubwerera kudoko ndi tiyi. Ndamuuza atenge tinsombato. Akatitsanulire kunyanja komwe anatitenga, osati pamtsinje, osati pa lesitilanti. Walumbira pa dzina la amayi ake.

Chigubu ndachikulunga ndi bulangeti lathu labwino. Kapampu ka mpweya, mabatire atsopano. Mpando wakutsogolo, lamba womanga. Amuna anga anyamula okha mpaka kumsewu. Nzeru zawabwerera mochedwa, koma zabwera.

Zotsala pakhomo: thanki yong'aluka, sikima ya damu, dramu yonunkha thobwa, nyali zomwe akufuna kale pa ukwati wina.

Lole yanyamuka. Ndikubayibitsa. Mayi wa digiri, pamsewu wa esiteti, akubayibitsa chigubu.

Mayi Namakhwa aima pambali panga, mbale ya nyama yotsala m'manja. "Alendo anu apita osadya?"

Osadya, mayi. Komanso osadyedwa. Kuno kwathu zimenezo n'zosachitikachitika.