Mmene Ndinatayira Asewere pa Mtsinje

Asewere ndi makolo a munthu amene wakwatirana ndi mwana wako. Si apongozi ayi, ndipo ndatopa kukonza anthu pa mfundo imeneyi. Asewere anga ndi NaBanda a ku Lilongwe, amayi a mkazi wa mwana wanga Yohane, munthu amene amaopa ngakhale madzi a m'beseni.

Nditachoka ku Benga kukaona ana mumzinda, anatitengera tonse awiri ku paki ina ya m'mbali mwa mtsinje, kumene amabwereketsa timabwato. Mnyamata woyang'anira anafuna kutipalasira. Ndinayamba ndamukonzera chiganizo chake, kenako ndinamuuza kuti munthu wa ku Nkhotakota sapalasiridwa. Sindinatchule kuti chibadwire bwato ndimangoliona kwa asodzi.

"Asewere, mukudziwadi zimenezi?" anafunsa NaBanda, atakhala kale m'bwato, chikwama pamiyendo.

"Khalani phee, mayi. Muli m'manja mwa mwini nyanja."

Kwathu bwato amalikankha akuyenda m'madzi pamchenga, n'kudumphiramo madzi akafika m'maondo. Choncho ndinavula nsapato, ndinakwinya chitenje, ndi kukankha mwamphamvu. Kodi ndani anandiuza kuti mtsinje wa mumzinda uli ndi mchenga? Matope okhaokha, anzanga! Mwendo woyamba unamira, wachiwiri unapita kukaufuna, ndipo bwato linanyamuka ndi asewere, nkhafi ili m'manja mwanga.

"Mayo ine! Yohane, amako andipha!"

Ndinawalangiza mokweza kuti asaimirire. Anaimirira. Ndinawaponyera nkhafi, ndipo inawapeza paphewa. Mnyamata uja anawabweza ndi bwato lina, ine ndikuzulidwa ngati chinangwa ndi amuna awiri amene anabwera kudzajambulitsa zithunzi za chinkhoswe. Wojambulayo sanapume.

NaBanda anasiya kuyankha foni yanga, ndipo ana anayamba kulankhula monong'ona m'nyumba mwawo momwe. Pamapeto pake ndinanyamula mpunga ndi chambo chowamba, ndinapita kukagwada pakhonde pa NaBanda, ine mphunzitsi wopuma. Anayang'anitsitsa nsombazo.

"Izi munagwira nokha, mwini nyanja?"

"Ndinagula," ndinayankha motsitsa.

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinalumbira pamaso pawo kuti bwato ndidzaliona ndili pamtunda, nsapato zili kuphazi. Mlandu unatha pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala.