Sabata Yofunsa Amayi Zuze Maganizo Awo

Lolemba

Tsiku loyamba pakiliniki ya papurazi, famu ya fodya kuseri kwa tauni ya Glendale. Chipinda chimodzi, sikelo imodzi, ndi Sisita Banda amene anayamba unamwino ine ndisanabadwe. Njira yawo ndi kukalipa basi. Yanga ndi ya kukoleji: mayi woyembekezera wonenepa kwambiri sumulamula, umamufunsa mafunso mpaka afune yekha kusintha.

Malamulo anga:
1. Osaloza chala.
2. Osanena kuti "muyenera".
3. Kumvetsera, ngakhale lilime likuyabwa.

Ndiyamba ndi Amayi Zuze, osankha fodya kushedi. Mimba ya miyezi isanu ndi itatu, BP yokwera, mapazi otupa ngati mabanzi. Ndikufuna pofika Lachisanu anene ndi pakamwa pawo kuti akupita kukadikirira kuchipatala chachikulu. Malo ano ndiwasintha, muona.

Lachiwiri

Ndawafunsa kuti, "Inuyo thupi lanuli mukuliona bwanji?" Acheuka kuti aone amene ndikumufunsa. Kenako akuti, "Asisita, amene munapita kusukulu si inu?"

Ndakhala chete, monga anatiphunzitsira. Nawonso chete. Ntchentche yazungulira sikelo kangapo. Apambana ndi iwo.

Lachitatu

Funso lina: kuyambira wani mpaka teni, akufunitsitsa bwanji kusintha kadyedwe? Iwo akuti, "Nambala imene ikukusangalatsani, lembani yomweyo."

Kukomboni kwamveka kale kuti kwabwera namwino wosadziwa ntchito, amene amafunsa odwala kuti mankhwala ndi ati. Masana afika apongozi awo, mayi wa ku Tete, ndi chigubu cha maheu. "Mimba yoyamba anaonda, komboni yonse n'kumanong'ona kuti ali ndi matenda aja. Pano ndamunenepetsa, anthu atseka pakamwa, inu mukuti asiye sadza, nsima yake?"

Lamulo lachitatu: kumvetsera, osatsutsa. Ndamwa makapu awiri a maheu.

Lachinayi

Sisita Banda apita ku Glendale kukatenga katemera. Ndili ndekha.

BP ya Amayi Zuze yakweranso. Akuti mutu ukuwawa, m'maso mukuthwanima. Mtima wanga ukuti athamange lero lomwe. Lamulo lachiwiri likuti ayi. Ndawafotokozera zoopsa zonse mofatsa, n'kufunsa kuti akuganiza zotani. Andiyang'ana nthawi yaitali, manja ali pakhadi lawo, ngati pali china chimene ndaiwala kuwapatsa. "Ndikaganiza," atero potuluka.

Ndalemba m'kope: ayamba kuganiza!

Lachisanu

Amayi Zuze sanabwere.

Sisita Banda awerenga zimene ndalemba dzulo. Sanakalipe, angotseka kope.

"Mwanawe, mkazi wa pano sangaime pamaso pa mwamuna wake, apongozi ake ndi foromani wa kushedi n'kunena kuti 'ndaganiza zochoka'. Amanyamula pepala la chidindo, akati asisita alamula. Mlandu umakhala wathu. Iwe wamusenzetsa yekha."

Alemba pepala, adinda, tathamanga nalo kukomboni. Kombi, minibasi yomaliza, inali itapita kale. Foromani atawerenga anangoti, "Bwanji simunanene dzulo?"

Loweruka

Amayi Zuze agwa m'mawa pamsewu akudikira kombi, pepala lili m'manja. Kuuma, kuphupha, thovu kukamwa. Tawakweza pangolo ya thirakitala, tilipo anthu asanu. Apongozi akulira, akuwakupiza ndi chitenje. Ine ndagwira mutu njira yonse, sindinafunse aliyense maganizo ake.

Kuchipatala chachikulu mwana amutulutsa ndi opaleshoni.

Lamlungu

Ndapita kukawaona. Ali moyo, nkhope ikadali yotupa. Mwana ali m'galasi lofunditsira ana osakwana masiku, wamkazi, wochepa kwambiri. Adokotala sakulonjeza kanthu.

Ndimayembekezera kuti anditukwana, bwenzi zitandipepukira. Iwo andisunthira miyendo kuti ndikhale pabedi. "Asisita, Lachinayi lija chikwama ndinali nditalongedza kale. Ndimangodikira kuti munditume."

Ndabwerera pakombi yodzaza, nditaima mwendo umodzi.

Mawa kusikelo kubwera amayi ena anayi, awiri mwa iwo ndi aakulu thupi. Ndiwafunsabe mafunso anga, mwina limodzi kapena awiri. Koma ndapempha Sisita Banda kuti andionetse dirowa imene amasungamo chidindo.