Mbuzi Imene Inadya Tsamba Lachiwiri

M'chaka chija mvula inachedwa koma misonkhano inafulumira, m'mudzi wina umene dzina lake ndalikwirira dala poopa kuitanidwa kukapepesa, munabadwa ganizo lalikulu kuposa mudziwo. Ganizoli linabadwira m'mutu mwa Wolemekezeka Bwana Fulugensio Kamtedza, Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yoona za Ulemerero wa Mudzi ndi Zina Zotero. Bwanayu anaona pa kanema azungu akumenya kampira koyera ndi ndodo zachitsulo, khamu la anthu likuwomba m'manja mwaulemu, ndipo mtima unamuwawa kuti mudzi wake ulibe bwalo la gofu.

Komatu iye sanafune bwalo wamba. Anafuna linkisi. Kwa inu amene simunakwerepo ndege, linkisi ndi mabwalo a gofu akalekale a kutsidya kwa nyanja yamchere, kumene akatswiri a dziko lonse amakalimbiranako chikho. Amakhala pamchenga, m'mbali mwa nyanja, popanda mtengo ndi umodzi womwe, ndipo mphepo yake imakuvula chipewa usanapereke moni.

"Ifenso tikhala ndi linkisi yotchuka, ya mbiri yakalekale," anatero Bwana Kamtedza pamsonkhano. "Ndipo mbiri yakaleyo ikhale itatha pofika Okutobala."

Popeza mutu umodzi susenza denga, Komiti inasankha anthu khumi ndi awiri, kuphatikizapo Wapampando mwini, kuti akaone mabwalowo ndi maso. Anapitadi, nakhalako masabata atatu. Koma kunja kunkazizira koopsa, choncho nthumwi zathuzo zinaphunzira gofu zili m'nyumba yodyera, zikusuzumira pazenera ndi makapu a tiyi m'manja. Zinabwerako ndi zipewa, malaya a kolala, ndi kabuku kamodzi ka masamba anayi kofotokoza mbiri ya mabwalowo. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma awa anabwera ndi kabuku, ndiye mudzi unawakhulupirira.

Kumapeto kwa mudziwo kunali malo amchenga, a timapiri ndi timakwawa, a udzu waufupi wolimba. Palibe amene ankalimapo, chifukwa ngakhale chinangwa chinkakana. Apa ndi pamene mayi Nagama ankadyetsa mbuzi zawo makumi awiri ndi zitatu. Mayiwa anali amasiye. Malemu amuna awo sanawasiyire munda kapena nyumba yamalata, anawasiyira mbuzi basi, ndipo moyo wawo wonse unatsamira pa mbuzizo. M'mbali mwa timapirito mbuzi zinali zitafukula timaenje tamchenga momwe zinkabisalamo mwera ukamawomba, ndipo udzu zinkaumeta mofanana bwinobwino tsiku ndi tsiku.

Komiti inaona malowo n'kuwakonda. Tsiku loyeza, Mlembi Wamkulu a Benedikito Mkwapatira anakwera pachulu kuti awerengere anthu kabuku kaja. Anawerenga tsamba loyamba: linkisi yeniyeni imafuna nyanja, mphepo, ndi zaka zambirimbiri. Kenaka anaika kabukuko pamwala kuti apukute magalasi. Pamenepo mbuzi ina yaikazi yandevu, dzina lake Sindinena, inayandikira, n'kung'amba tsamba lachiwiri, n'kulitafuna lonse mosafulumira, ikumuyang'ana Wapampando m'maso.

"Mbuzi yadya mbiri!" anakuwa a Mkwapatira.

Mayi Nagama anathamanga n'kugwada. "Pepani bwana, ndikhululukireni. Imeneyi ndi yankhuli chibadwire. Ndipepesa ndi nkhuku."

"Mayi, mbiri sasinthana ndi nkhuku," anatero Wapampando. Kenaka anatembenukira kwa Mlembi. "Patsambapo panalembedwa chiyani?"

"Tinali tisanafikepo, bwana. Ulendo unatitangwanitsa."

Nthumwi zina khumi zija zinayang'ana nsapato zawo. Wapampando anaganiza pang'ono, ndipo anagamula mwanzeru zimene mudzi umazikumbukirabe: "Chikanakhala chinthu chofunika, akanachilemba patsamba loyamba."

Tsiku lomwelo kalata ya chidindo inatuluka. Mayi Nagama ndi mbuzi zawo anayenera kusamukira kuchipululu, kuseri kwa phiri, kumene kunali mchenga wokhawokha, mphepo yosatha, ndipo madzi anali kutali ulendo wa maola awiri.

"Bwana, kumeneko mbuzi zanga zikandithera," anadandaula mayiwo. "Ndilibe china chilichonse padziko pano."

"Chitukuko chimafuna nsembe, mayi."

"Nanga nsembeyo bwanji imakhala ya mbuzi za anthu ena?"

Funsoli silinalembedwe m'mfundo za msonkhano, chifukwa linafunsidwa ndi munthu wosakhala membala.

Ntchito inayamba mwamkokomo. Kunabwera chimakina cha katapila chimene chinasalaza timapiri tonse kuti pakhale see ngati pabwalo la mpira. Timaenje ta mbuzi tija anatikwirira koyambirira. Wapampando anati ali kunja kuja anaonadi pazenera maenje amchenga otere pakati pa bwalo, ndipo anawamvera chisoni azunguwo kuti ndi chuma chawo chonsecho alephera kukwirira nkhuti. Anakumba mjigo, anayala mipope yowaza madzi, anadzala udzu wofewa wochokera mumzinda. Anazunguliza mpanda wawaya, ndipo pachipata anakhoma chikwangwani chachitsulo: OLOWA NDI MAMEMBALA OKHA.

Zinatsala zitatu za patsamba loyamba zija. Nyanja inavuta pang'ono, popeza mudziwo ngakhale dziwe la achule unalibe. Koma a Mkwapatira si munthu wogonja. Anamanga khoma lalitali kumbali yakum'mawa, n'kulipaka utoto wabuluu, ndipo mmisiri wolemba zikwangwani za mashopu anajambulapo ngalawa ziwiri ndi nsomba imodzi yooneka yodabwa. Mphepo nayo inali itachepa chifukwa cha khomalo, choncho Komiti inakhazikitsa Nthambi Yoona za Mphepo: amuna makumi atatu onyamula malichero, oti azimukupiza wosewera aliyense kumaso akamakonzeka kumenya mpira. Mkulu wa Nthambiyi anapatsidwa dzina laulemu loti Mwini Mwera.

Zaka ndiye zinaphweka zedi. Anaika mwala pachipata, n'kulembapo kuti bwaloli linakhazikitsidwa m'chaka cha 1700 ndi kanthu. Anaupaka ndowe ndi phulusa kuti uoneke wokalamba. Madoda atatu anaphunzitsidwa kwa sabata yathunthu kukumbukira kuti agogo awo ankasewera gofu ndi mipini ya makasu. Mmodzi mwa iwo anakumbukira mopitiriza muyeso, mpaka anayamba kulira kuti agogo ake anawabera chikho, ndipo anafuna kuti mlanduwo uyambidwenso.

Apa ndiye ndisiye kuseka kaye. Kuchipululu kuja chilimwe chinawawa. Mayi Nagama ankasenza madzi pamutu kuchokera kutali kuti amwetse mbuzi, mapazi atang'ambika ndi mchenga wotentha. Mbuzi ziwiri zinafa, ina ili ndi bere. Mayiwo analira ngati aferedwa mwana, ndipo kumudzi kunalibe amene anapita kukawapepesa, popeza onse anali kukonzekera mwambo. Mbuzi makumi awiri ndi imodzi zotsalazo zinachita zimene mbuzi zimadziwa. Zinafukula timaenje tatsopano tobisalamo mphepo, zinameta kaudzu kolimba kamene zinkapeza, ndipo zinaponda tinjira tokhotakhota pakati pa milu ya mchenga.

Okutobala atafika, kunabwera Mkulu Woyendera wa Bungwe la Mabwalo Akale, amene mawu ake okha ndiwo akanachititsa kuti mpikisano waukulu ubwere m'mudzimo. Anali nkhalamba yoonda, yovala juzi yong'ambika pachigongono ndi nsapato zamatope. Alonda anatsala pang'ono kumubweza pachipata chifukwa analibe kolala.

Nkhalambayo inayenda pabwalo lobiriwiralo. Nthambi Yoona za Mphepo inamuzungulira n'kuyamba kupeta ndi mphamvu zonse, mpaka gaga wotsalira m'malichero anamulowa m'maso. Anapita kunyanja, anaigwira ndi chala, ndipo chalacho chinabwerako chabuluu. Ananunkhiza mwala wa mbiri uja. Kenaka analankhula kudzera mwa womasulira.

"Msipu wabwino kwambiri uwu. Ng'ombe zake zili kuti?"

"Iyi ndi linkisi, bwana," anatero Wapampando akumwetulira mokakamiza.

"Kodi kabuku kathu munakawerenga?"

"Konse, bwana. Kupatula mwina apo ndi apo."

"Patsamba lachiwiri," inatero nkhalambayo, "tinalembapo kuti mabwalo athu sanamangidwe ndi munthu. Anali malo amchenga amene alimi anawakana. Nkhosa ndizo zinkameta udzu. Maenje amchenga amene dziko lonse limabwera kudzawajambula, anafukulidwa ndi nkhosa pobisala mphepo. Ife tinangofika ndi ndodo n'kupempha malo."

Mwini Mwera anatsitsa lichero pang'onopang'ono. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma aka kanameta mpala wopanda madzi.

Komiti inamuperekeza mlendoyo mitu ili pansi. Msewu wotulukira unkadutsa kuseri kwa phiri. Atafika kumeneko, nkhalamba ija inatsegula zenera la galimoto, ndipo mphepo yeniyeni, yosalembedwa ntchito ndi aliyense, inalanda chipewa chake n'kuthawa nacho. Nkhalamba inatsika n'kuchithamangira, Komiti yonse ili pambuyo ndi masuti. Atakwera mulu wa mchenga, mlendoyo anaima chilili. Anaona timapiri, timaenje, kaudzu kometedwa bwino, tinjira tokhota, ndi mayi wina atakhala pamwala akuzula minga kuphazi, mbuzi zake zili pambali. Nkhalambayo inagwada n'kutapa mchenga m'manja, misozi ili m'maso.

"Iyi ndiye linkisi! Nyanja palibe, koma zimenezo tingakhululuke. Mpikisano ubwera kuno chaka chamawa. Chachikulu n'chakuti ziwetozi zisachoke, chifukwa..."

Mawu otsirizawa Wapampando sanawamve. Anali atayamba kale kuuza Mlembi zoti alembe, ndipo womasulira, poona kuti palibe amene akumvetsera, anangomeza mawuwo.

Mlendo atangopita, Wapampando anaima pamaso pa mayi Nagama, manja ali kumbuyo.

"Mayi, malo ano ndi chuma cha mudzi, cha mbiri yakalekale, chimene Komiti yatulukira itafufuza kwambiri. Inu ndi mbuzi zanu mukuwononga. Bwererani komwe munachokera."

Mayiwo anasiya kuzula minga n'kufunsa: "Ndibwerere komwe ndinachokera, bwana?"

"Lero lomwe."

"Ndiye mundilembere papepala, bwana, ndi chidindo chomwe. Ine wosaphunzira ndingaiwale."

A Mkwapatira analemba monyadira, anadinda kawiri, ndipo Wapampando anasaina ndi cholembera chagolide. Mayi Nagama anapinda kalatayo bwinobwino n'kuimangirira kunsonga kwa chitenje, kutali ndi pakamwa pa Sindinena. Masana omwewo anatsogolera mbuzi zawo kudutsa pakati pa mudzi, mpaka pachipata cha bwalo lobiriwira lija. Alonda anawerenga kalata, anaona zidindo ziwiri, anamenya sawasha n'kupereka makiyi. Mbuzi zinalowa pa udzu wofewa wa mumzinda, pamene mipope inali kuwaza madzi a pamjigo, ndipo zinadya osadzutsa mutu.

Komiti inasamukira kuchipululu ndi zonse, mpaka mwala wa mbiri uja. Nyanja yokha inakanika kunyamula. Kenaka mvula inagwa. Popanda mbuzi, udzu unakula kufika m'chiuno, chisoso ndi chitedze zinamera paliponse, timaenje tinakokoloka. Timipira tikamenyedwa sitinkaonekanso. Nthambi Yoona za Mphepo inasinthidwa kukhala Nthambi Yoona za Kukhala Ngati Mbuzi, ndipo amuna makumi atatu aja analamulidwa kugona m'timaenje m'mawa uliwonse kuti tisatsekeke. Anagonadi mokhulupirika, koma udzu anakana kudya.

Ndiye panafika kalata yochokera kutsidya kwa nyanja, ya mzere umodzi: popanda ziweto zija, mpikisano kulibe.

Wapampando Wamuyaya anavala suti yake yabwino koposa, anatenga kalata yopempha kubwereka mbuzi, n'kupita kuchipata cha bwalo lobiriwira. Anapeza chotseka. Mayi Nagama anali mkati, atakhala pamthunzi wa nyanja, akuchapa m'beseni. Mbuzi zinali zitanenepa mpaka kunyezimira, ndipo tiana tisanu tinkadumphadumpha pafupi ndi mjigo.

"Odi, mayi! Tatsegulani tikambirane."

Mayiwo anabwera akupukuta manja, n'kuloza chikwangwani chachitsulo chija. "Pepani bwana, ine kuwerenga sindidziwa, koma anandiuza zimene palembedwa apa. Kodi inu ndinu membala?"

"Ine ndine Wapampando!"

"Wa kuchipululu kuja, bwana. Kuno mamembala ndi awa mukuwaonawa, ndipo pakali pano akudya."

Wapampando anavula chipewa, chinthu chimene ngakhale mphepo inali isanamuchititsepo. "Mayi, chonde. Ulemerero wa mudzi uli m'manja mwanu. Ndabwera ndi pempho lolemba."

"Ooh, ngati ndi lolemba ndiye bwino. Ndipatseni ndikapereke ku Komiti."

Analandira kalatayo ndi manja awiri kudzera pawaya, mwaulemu wonse, n'kutembenuka kuitana. Sindinena inabwera mosafulumira, inanunkhiza chidindo, n'kuyamba kutafuna kuchokera pamwamba mpaka pa siginecha yagolide, ikumuyang'ana Wapampando m'maso.

"Pitani bwino, bwana," anatero mayi Nagama. "Pempho lanu lalowa mkati. Yankho likatuluka tidzakutumizirani."