Kadontho ka pa Chithunzi cha ku Wales

Masiku ano tikamalowa m'nyumba ya munthu, mwana wanga Limbani amandiuza kuti manja ndiike m'thumba. Sindimutsutsa.

Inali nthawi imene aliyense wa manja awiri kuno ku Perth, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, ankakwera ndege kupita ku migodi. Limbani, amene anaphunzira za miyala, anali atangoyamba ntchito, akadali pomuyesa, ndipo anandiitanitsa kudzakhala naye pamodzi ndi mkazi wake ku Balga, dera lina la mzinda uno (ine amene ndinamusiya akukwawa, amayi ake n'kumulera okha). Ndiye ndinkafunitsitsa kuoneka munthu waphindu. Bwana wake, a Pritchard, mzungu wa ku Wales, atafuna munthu wowayang'anira nyumba iwo ndi Limbani ali ku mgodi, ndinadzipereka Limbani asanatsegule pakamwa.

"Maluwa ndi galu basi, bambo," anatero Limbani. "Zinazo musakhudze."

Koma ine ndinakulira m'nyumba za azungu ku Thyolo. Nyumba ya eni suibweza ndi fumbi.

Pabalaza panali chithunzi chakale chojambula pamanja: chinyumba chachikulu pakati pa mapiri, mitengo, nkhosa. Pafupi ndi nkhosazo panali kadontho kakuda. Ntchentche za kuno ndimazidziwa ntchito zake. Ndinapukuta galasi, kadontho osachoka. Ndiye kuti kanali mkati. Ndinatsitsa chithunzicho, kumasula timisomali ta kumbuyo, n'kunyambita chala (njira imeneyi inali isanandigwiritsepo mwala).

Kadontho kanachoka, koma kanasiya mzere wotuwa. Ndinatenga kansalu konyowa kuti ndichotse mzerewo. Nkhosa ziwiri zinapita nawo limodzi. Apa mpamene ndinadziwa kuti kuli penti wina wosungunula ndi madzi, amene akakumananso ndi madzi amasamuka.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinatenga bolopeni. Sukulu ndinayamba ya kwacha imvi zitamera kale, dzanja langa limangodziwa zilembo, nazonso mokakamiza. Nkhosa zanga zinatuluka ngati matebulo.

Atabwerako, a Pritchard anaima pachithunzipo nthawi yaitali, Limbani ali kumbuyo kwawo atanyamula chikwama chawo.

"Agogo anga apita kuti?" anafunsa a Pritchard.

Anatifotokozera mofatsa. Chithunzicho anachijambulitsa ndi mwini malo m'zaka za m'ma 1700, kuti alendo aziona chuma chake. Wojambulayo anaikapo m'busa pofuna kuti nyumbayo ioneke kukula. M'busayo, malinga ndi a kubanja kwawo, ndiye kholo lawo, ndipo chithunzi chake china kulibe. Iwo anachigula chifukwa cha kadonthoko.

"Bambo, mwapukuta munthu," ananong'ona Limbani.

"Amaoneka ngati za ntchentche," ndinatero, mwamwayi m'Chichewa.

"Mwini malo uja anavutika zaka kuti achotse banja lathu pamalopo," anatero a Pritchard. "Inu mwangonyambita chala." Kenako anawerama. "Nanga matebulowa?"

"Nkhosa, bwana."

Anagwedeza mutu ngati munthu wolandira uthenga wa maliro achiwiri.

Limbani ntchito sanamuchotse, koma anatha mwezi akundilankhula kudzera mwa mkazi wake, ngakhale zoti ndimupatsire mchere. Chithunzi chinapita kwa akatswiri okonza, amene anati m'busa sangamubweze chifukwa samudziwa nkhope, ndipo bolopeni sachoka.

Ndinaphunzira kuti za eni sakhudza. Komabe, kunena chilungamo, pamene panali kadontho paja pano m'poyera.