Chala cha Alamu Anga

Alamu anga, eni butchala ya pafupi ndi depoti, sankalandira nyama asanadziwe chimene chiwetocho chinkadya. Ankadinikiza chala chachikulu pamafuta, n'kununkhiza, n'kupereka chigamulo. N'chifukwa chake aliyense ankawatchula kuti a Chala.

"Ng'ombe iyi inkadya msipu, onani mafuta achikasuwa. Iyi yakulira m'khola pa madeya, mafuta ake mbuu ngati kandulo. Chimene yadya ng'ombe mwadya ndinu."

Munthu wongofuna kilo imodzi ankachoka ndi mbiri yonse ya ng'ombeyo. Ambiri anatopa, n'kumakagula kwina.

Ine ndimaweta nkhumba. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ndinkafuna chinthu chimodzi: a Chala alandire nkhumba yanga. Mlongo wanga anamutenga osafunsa zambiri, koma nkhumba zanga ankazikana.

Tsiku lina ndinapha yonenepa kwambiri, n'kupita nayo pa wilibala. Anadinikiza chala.

"Alamu, mumaipatsa chiyani?"

"Madeya."

"Ndi chiyaninso?"

"Zotsala za kulesitilanti, pang'ono chabe."

"Mitu ya nsomba ndi mafuta okazingira kasanu. Onani chala chikulowa ngati m'matope. Iyi ndi nsomba ya miyendo inayi. Bwererani nayo."

Ndinabwerera nayo, ntchentche zikundiperekeza.

Kenako mtima unayamba kuwavuta. Ndine ndinawatengera kuchipatala.

"Bambo, nyama yonona musiye," anatero dokotala.

"Ya ng'ombe iti? Ya kumsipu kapena ya m'khola?"

"Zonse."

"Adokotala, sukulu yonseyi, ng'ombe simuzisiyanitsa?"

"Zimasiyana ndithu. Koma inu mwakhala mukudya zonse ziwiri kwa zaka makumi atatu."

Tinanyamuka n'kubwerera kwathu.

Chaka chatha ndinagonja. Ndinapatula kankhumba kamodzi, n'kumakadyetsa momwe iwo ankanenera: madeya ouma bwino, masamba, madzi oyera. Mkazi wanga ankati kakudya bwino kuposa iyeyo. Ndinakawauza alamu ali gone pabedi, miyendo itatupa.

"Tidzaona ndi chala," anatero.

Anamwalira nkhumbayo itatsala masabata awiri kuti ikwane kupha.

Butchala ija anaitenga munthu wina, ndipo makasitomala abwerera. Ndinapita nayo nkhumba ija. Iye anangoiponya pasikelo.

"Simufunsa chimene inkadya?"

"Ndifunsirenji, madala? Nyama ndi nyama."

Ndinadinikiza chala ndekha. Mafuta anali olimba, oyera bwino, opanda fungo. Ndinacheukira pampando pamene alamu ankakhala. Panali mulu wa mapepala okulungira nyama.

Ndinapukuta chala pathalauza, n'kukankha wilibala kubwerera kwathu. M'mawa mwake ndinatsuka ndowa zanga ziwiri zotengera zotsala za nkhumba, n'kupita kulesitilanti.